Penti wa bulauni amene adakhazika amayi pakhonde

Ndidafika kwathu ku Kasungu Lachisanu madzulo, m'mwezi wa Meyi, nditanyamula ndowa ya penti ya malita 20, rola ndi mabulashi awiri. Kondakitala wa minibasi adandilipiritsa mpando wina chifukwa cha ndowayo, koma sindidakangane naye. Kuchokera ku Lilongwe mpaka kukatsika pa Chinkhoma, m'mutu mwanga mudali chithunzi chimodzi basi: pabalaza pa amayi patasanduka ngati nyumba zija timazisirira pa Pinterest.

Ntchito yanga ndi yolembera makampani timauthenga ta pa Facebook ndi Instagram, ndiye tsiku lonse maso amakhala pa foni. Mu Disembala 2024, kampani ya ku America yotchedwa Pantone, yomwe chaka chilichonse imalengeza mtundu umene ukhale m'fasho, idasankha bulauni wina wofewa, wonga khofi wothira mkaka, n'kumupatsa dzina loti Mocha Mousse. Pasanathe sabata, bulauni adali paliponse: makoma, masofa, makatani, ngakhale zikhadabo za atsikana. Ine ndidatengeka, ndipo ndidadziwiratu khoma lomwe ndikamupake.

Nyumba yathu ababa adaimanga ndi ndalama za fodya. Njerwa adaumba okha n'kuotcha mu 2007. Mu 2008, chaka chomwe fodya adagulidwa bwino ku okushoni, adagula malata, simenti ndi mafelemu. Za penti adati tidzaona chaka cha mawa. Chaka cha mawacho chinkangosunthira kutsogolo: fizi, feteleza, matenda, kenako 2011 mitengo ya fodya idagwa, mabelo n'kumabwezedwa. Ababa adatisiya mu 2019 makoma akadali a pulasitala wopaka laimu.

Khirisimasi iliyonse amayi ankasungunula laimu m'ndowa n'kupaka pabalaza ponse. Ankayera bwino kwa miyezi ingapo. Koma amene adakhalako ku Kasungu akudziwa fumbi la kuchigwa kuja. Mphepo ikayamba mu Ogasiti, pofika Okutobala khoma limakhala litafiira kuchokera pansi mpaka m'chiuno. Ukatsamira, bulauzi imayera kumsana. Ndiye ine, ndi digiri yanga ya ku Chanco, ndidaganiza motere: ngati fumbi limapambana chaka ndi chaka, bwanji osangopaka mtundu wa fumbilo? Nzeru zinkaoneka zakupsa ndithu.

Amayi adali atapita ku msonkhano wa amayi a Chigwirizano, kubwera kwake Lamulungu madzulo. Ndidachita kusankha dala masiku amenewo. Ndidapangana ndi mlongo wanga, mnyamata wa Folomu 3, kuti tiwadzidzimutse. Kuwafunsa sindidawafunse. Akuluakulu adanena kale za safunsa, koma tsiku limenelo mwambiwo sudandibwerere m'mutu.

Ndivomere kuti mnyamata wa m'shopu ya penti ku Lilongwe adayesa kundichenjeza. Nditamuonetsa mtunduwo pa foni, adafunsa: "Mupaka makoma onse anayi? Mazenera ake ndi aakulu bwanji?" Ine ndidangoti, "Achimwene, ingosakanizani." Adasakaniza, ndidalipira, ndipo mtima udadumpha pang'ono. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndowa ya penti siyogula mongosewera. Gawo lalikulu la malipiro anga a mwezi umenewo lidatsala pa kauntala paja.

Loweruka tidadzuka m'mamawa, kutulutsa mipando ndi kabati ya mbale, n'kuyamba. Laimu uja sitidamupale. Tidangopaka pamwamba pake, wailesi ili pakamwa. Penti ali m'ndowa ankaoneka wokongola kwambiri. Koma penti wa madzi akamauma amada kuposa mmene amaonekera ali wamuwisi, ndipo zimenezi ine sindinkazidziwa. Pofika 4 koloko madzulo, titamaliza kupaka kachiwiri, m'nyumba mudali mutada bii.

Nyumba za pa Pinterest zija zimakhala ndi mazenera oyambira pansi mpaka kudenga, siling'i yoyera ndi nyali m'makona monse. Pabalaza pathu pali timazenera tiwiri, tonse toyang'ana pakhonde pomwe malata adatsika. Siling'i palibe. Titayatsa babu la sola, loyera mbuu lija, makoma adaoneka ngati matope a kudambo. Mlongo wanga adaima pakati pa nyumba, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Achemwali, muli ngati m'chigafa muno," adatero.

Ndidamukalipira kuti sadziwa za fasho. Koma usiku umenewo tulo sindidatione bwino.

Lamulungu dzuwa litapendeka amayi adatulukira, ali mu yunifomu yawo: bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda. Adaima pakhomo nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Wachita ndani zimenezi?"

"Ndine, amayi. Ndi mtundu umene uli m'fasho panopa. Sudetsedwa ndi fumbi."

"Oho. Zikomo."

Basi, mawu adathera pomwepo. Adalowa kuchipinda, kusintha zovala, n'kutenga mphasa kukayala pakhonde. Nsima ya madzulo adadyera pomwepo. Lolemba kudabwera alendo awiri, ndipo amayi, omwe nthawi zonse amakakamiza mlendo kulowa m'nyumba, adawatulutsira mipando panja. Kukalipiridwa kukadakhala bwino. Chete wa amayi athu mukumudziwa inu, amalasa kuposa chikwapu.

Lolemba lomwelo usiku ndidawapeza akuswa mtedza pakhonde. Ndidakhala pansi, n'kuyamba kuswa nawo. Patapita nthawi ndidati, "Amayi, ndalakwa chiyani kwenikweni?"

Adayamba ndi kundikumbutsa kuti ine ndidabadwa atatuluka kale pa esiteti. Zoti makolo anga adabwera ku Kasungu ngati matenanti ndinkazidziwa, koma ndinkazidziwa ngati mmene timadziwira mbiri ya m'buku. Kasungu, kwawo kwa Kamuzu Banda, kudadzaza maesiteti a fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Nthawi imeneyo lamulo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda wake wa kumudzi. Ofuna kukhudza tsambalo ankayenera kukalowa utenanti, ndipo mabanja ambiri adachoka m'maboma a kummwera, komwe malo adachepa, kudzalimira eni maesiteti. Lamulolo lidayamba kumasuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo n'chifukwa chake ababa adadzatha kupeza kamunda kawo n'kulowa kalabu.

Zomwe sindinkazidziwa ndi za nyumba yomwe ankakhalamo. Amayi adati atafika pa esiteti adangolozeredwa malo. Adazika mitengo, kumata dothi, kufolera udzu. Zenera padalibe. Chimanga ankalandira pangongole mwezi ndi mwezi, n'kudzadulidwa fodya akagulitsidwa, ndipo chaka china atawerengera zonse adatsala ndi ndalama yosakwana ngakhale thiransipoti yobwerera kwawo.

"Khoma linali mtundu wakowu," adatero akuloza m'nyumba ndi mutu. "Pansi chimodzimodzi. Manja anga chimodzimodzi. Ukathyola fodya tsiku lonse, utomoni wake umamatirira, sopo palibe, nsima umadya ikuwawa. Mchemwali wako uja sunamuone, anadwalira m'nyumba yamdima ngati imeneyi. Kuti ndione ngati maso ake ayera ndinkachita kutuluka naye panja."

Adasiya kaye, n'kupitiriza kuswa mtedza. Kenako adati nyumba ya kapitawo wamkulu idali yopaka zoyera, yoonekera kutali. Akamapita kotunga madzi ankaiyang'ana, n'kumalankhula chamumtima kuti tsiku lina nawonso adzagona m'nyumba yoyera.

"Laimu uja sindinkapaka chifukwa cha Khirisimasi yokha ayi. Iwe wapita kusukulu, wabwerako, n'kudzandibwezera m'nyumba ya dothi. Ndi ndalama zako zomwe."

Ndidasowa choyankha. Pa Chichewa tilibe liwu limodzi lenileni la mtundu umenewu. Timati wofiirira, wakhofi, wonga katondo, kapena timangobwereka kuti bulauni. Aliyense amautchula poyerekeza ndi chinthu chomwe akuchidziwa. Ine ndikauona ndinkakumbuka kapu ya khofi m'malo odyera a ku Lilongwe. Amayi akauona ankakumbuka khoma lopanda zenera ndi mwana wodwala. Ndidakhala miyezi isanu ndikusunga zithunzi za nyumba za anthu a ku London ndi Johannesburg, koma sindidapeze mphindi zisanu zoimbira foni mwini nyumba yemwe ndinkafuna kumusangalatsa.

Ndidapepesa, n'kulonjeza kuti mwezi ukatha ndigula woyera tipakenso.

"Ndalama sizitoledwa pamsewu," adatero amayi. "Kagone, tiona mawa."

M'mawa mwake penti yemweyo adatithandiza kuganiza. Mlongo wanga adakanda khoma ndi chikhadabo, penti n'kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Amayi adatuma mwana kukaitana bambo wina wa kutchalitchi kwawo, mmisiri wa zopentapenta. Adafika pa njinga, kuyang'ana khoma, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwanawe, laimu ndi ufa. Penti wako wagwira ufa, sadagwire khoma," adatero.

Zomwe adatiphunzitsa m'mawa umenewo ndi zomwe ndikadayenera kuzifufuza ndisanakwere minibasi. Laimu amayenera kupalidwa yense ndi chitsulo kapena bulashi ya waya, khoma n'kulipukuta, n'kulisiya liume. Ming'alu imatsekedwa kaye. Kenako pamapita penti woyambira, uja amati andakoti, kuti pulasitala asamwe penti wodula ngati mchenga. Pomwe khoma limanyowa nthawi ya dzinja, uyambe wathana ndi chinyezicho, apo ayi penti aliyense adzatupa. Adatinso mtundu wakuda umadya kuwala, ndiye m'chipinda cha mazenera ang'onoang'ono suyenera kuzungulira makoma onse. Ndipo mtundu sasankhira pa foni, chifukwa galasi la foni limawala lokha pomwe khoma limadikira dzuwa.

Ndidabwerera ku Lilongwe Lachiwiri lomwelo ndili wolemedwa. Kwa sabata ziwiri mlongo wanga ankati akaweruka kusukulu n'kumapala makoma, atamanga kansalu kumphuno. Ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp, tsitsi lili mbuu, pansi pake atalemba kuti "fasho". Ngongole imeneyo ndidabweza ndi nsapato za mpira.

Mwezi utatha ndidapitanso, ulendo uno ndi andakoti ndi penti woyera, ndipo ndidali nditaimba foni katatu konse kufunsa amayi. Maganizo anga adali oti tiyeretse ponse, nkhani ithe. Koma titamaliza andakoti, amayi adaloza ndowa yakale ija, yomwe idali ndi penti wochepera pang'ono theka.

"Nanga wotsalayu titaya?"

Amayi sataya kanthu, ngakhale chinthu chomwe chidawapweteka mtima. Mmisiri uja adati penti wa madzi amatheka kusakaniza ndi wa madzi mnzake, bola osaphatikiza ndi wa mafuta. Tidatenga makapu akale n'kuyesa: kapu imodzi ya bulauni ndi imodzi ya woyera, kenako imodzi ndi ziwiri, imodzi ndi zitatu, imodzi ndi zinayi. Tidapaka timagawo tinayi pakhoma loyang'anizana ndi chitseko, n'kulemba manambala ndi pensulo.

Amayi adayang'ana, osanena kanthu, n'kutuluka. Ine ndidati basi, ndawakhumudwitsanso. Koma adapita kwa aneba athu, omwe adali akadasankha fodya m'chigafa, n'kubwerako ndi masamba anayi m'manja. Iwo fodya adasiya kulima ababa atamwalira, pano amalima soya ndi mtedza. Koma adasankha fodya zaka zoposa 25, ndipo diso lake silidawachoke.

Fodya wa bale sachizidwa ndi moto. Amasokedwa, n'kupachikidwa pa mikangala m'chigafa, mphepo n'kumamuumitsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Tsamba limachoka kobiriwira, kudzera kwachikasu, mpaka kufika pa bulauni. Koma bulauniyo sakhala mmodzi. Masamba a m'munsi mwa mtengo amatuluka opyapyala ndi owala, a kunsonga amakhala okhuthala ndi odera. Wosankha amayenera kuwalekanitsa asanamange ndindi, chifukwa belo losakaniza limagwa mtengo kapena kubwezedwa kumene pa okushoni. Pomwe ine ndinkaona mtundu umodzi, amayi ankaona mitundu yomwe kale inkasiyanitsa chaka cha njala ndi chaka cha malata.

Adayamba kusanjika masambawo pakhoma, limodzi limodzi.

"Uyu wada, ndi wa kunsonga. Ndi uja unapaka iwe. Uyu wafiira kwambiri. Uyu watuwa, alibe moyo." Kenako adatambasula tsamba lina, lalikulu bwino, lofewa, lowala ngati uchi. Adaliika pambali pa kagawo kachitatu, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. "Uyu ndiye ababa ako ankamuika padera. Ndi amene anagula malata awa."

Ine ndidafuna kuti tiyambe nthawi yomweyo. Adandiletsa. Adati fodya sasankha usiku kapena dzuwa likuthobwa m'maso, ndiye khomalo tiliyang'ane kaye madzulo, mawa m'mawa ndi masana. Tidatero. M'mawa kagawo kachitatu kaja kankaoneka kofewa, masana kowala, madzulo kofunda. Pa babu loyera lija ndi pomwe kankafa, ndiye ndidapita ku Kasungu boma kukagula babu lowala chachikasu pang'ono, aja amalemba warm white pa bokosi. Kusiyana kwake kudatidabwitsa tonse.

Mapeto ake makoma atatu ndi oyera, monga amayi adafunira kuyambira pa esiteti paja. Lachinayi, loyang'anizana ndi chitseko, ndi la mtundu wa tsamba lija. Pamenepo tidapachika chithunzi cha ababa atavala jekete yawo ya ku okushoni. M'munsi mwa makoma onse tidadutsitsa mzere wa bulauni wakuda uja, wotalika ngati chikhatho ndi theka, pomwe tsache ndi mapazi a ana zimadetsa. Mmisiri adafuna kuti mzerewo ukhale wa penti wa mafuta poti amatsukika, koma ine ndidakana kugula chitini chosalembedwa bwino. Penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana, ndipo panyumba paja pamakwawa zidzukulu. Pa mfundo imeneyo yokha kuwerenga kwanga pa foni kudagwira ntchito.

Zina zonse zidali kale m'nyumbamo. Mipando ya nsungwi yomwe ndinkaiona ngati yachikale idakhala bwino pafupi ndi khoma lija kuposa sofa iliyonse yomwe ndikadagula. Pansi pofiira paja, amayi atapaka polishi, padagwirizana nalo. Makatani tidasoka a chitenje chowala kuti dzuwa lochepalo lizilowa.

Ndikulemba izi chifukwa ambiri a msinkhu wanga tafika pomwe tikufuna kukonzera makolo nyumba. Wina akutumiza ndalama kuchokera ku Joni, wina akudula pa malipiro ake oyamba. Timabwera ndi zithunzi m'mafoni, ndi mtima wabwino ndithu, koma mwachangu, ngati tikukonza malo ojambulirapo. Tikatero timakwera basi kubwerera kutauni, iwo n'kutsala akudzuka m'nyumbamo tsiku ndi tsiku. Ngati mukufuna bulauni, ndi mtundu wabwino, ndipo kumalo a fumbi ngati kwathu umathandizadi. Gulani kachitini kakang'ono kaye, pakani kagawo, kayang'aneni tsiku lathunthu, werengani mazenera anu. Koma musanachite zonsezo, khalani pansi ndi mwini nyumba, mumufunse mtundu womwe amaufuna ndi chifukwa chake. Ine yankho la funso limenelo ndidalimva mochedwa, nditaononga kale theka la ndowa ndi sabata ziwiri za mlongo wanga.

Mpaka lero amayi sadanenepo kuti khomalo ndi lokongola. Nditawafunsa ngati tingapake mtundu womwewo kuchipinda kwawo, adangoti, "Usayerekeze." Koma mlongo wanga akuti amayi a Chigwirizano akabwera, amawalowetsa m'nyumba, ndipo mpando wawo adausunthira pomwe amatha kuona chithunzi cha ababa.

Mu Okutobala adandiimbira foni okha, chinthu chomwe sachitachita chifukwa cha mayunitsi. Adandiuza za mtengo wa feteleza, za maliro a kumudzi kwa aneba, za mbuzi yomwe idaswa awiri. Atatsala pang'ono kudula adati:

"Fumbi layamba. Khirisimasi ino ubwere ndi woyera, malita asanu okha, tidzadutsitse pomwe pada."

"Nanga khoma lina lija, amayi?"

"Limenelo lisiye. Silinadetsedwe."